Kumasulira Mawu a Udotolo wa Mano Onena za Zizolowezi za M'kamwa Kuchokera m'Chisipanishi Kupita m'Chingerezi

1.0 Mawu Oyamba

M'nkhani ino tikambirana za kagulu kochepa ka mawu a Chisipanishi amene madotolo a mano amatchulira zizolowezi za m'kamwa, ndi mavuto amene womasulira amakumana nawo pofuna kuwapezera mawu olingana nawo m'Chingerezi. Zizolowezi zimene tikunenazi ndi monga kuyamwa chala, kupumira pakamwa, kuika lilime pakati pa mano, kuluma zikhadabo kapena milomo, ndiponso kukukuta mano. Zambiri mwa izo zimayamba paubwana, ndipo zina zikapitirira kwa zaka zingapo zimasintha kaimidwe ka mano ndi kakulidwe ka nsagwada. Chifukwa cha ichi madotolo a mano a ana, akatswiri owongola mano ndi akatswiri othandiza pa kalankhulidwe amalemba zambiri za izo.

Chisipanishi ndi chiyankhulo chimene maboma a mayiko 20 amagwiritsa ntchito, kuyambira ku Spain, Mexico, Cuba, Peru ndi Argentina, kufikira ku Equatorial Guinea muno mu Africa. M'mayiko amenewa muli magazini ambiri a zaudotolo wa mano, ndipo mwachizolowezi nkhani yofufuza imatsagana ndi chidule chake cha m'Chingerezi. Wowerenga wa ku Lusaka, London kapena Nairobi amene sadziwa Chisipanishi amadalira chidule chokhacho. Nawonso makalata a kuchipatala amawoloka malire pamodzi ndi eni ake, nafika m'manja mwa dotolo wachiyankhulo china. Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo kwenikweni, pakuti madotolo a ku Cuba agwirapo ntchito m'zipatala za Zambia, ndipo ana ena a dziko lino anaphunzira udotolo ku Cuba m'Chisipanishi nadzaugwiritsa ntchito kuno m'Chingerezi.

Mfundo imene tifuna kuonetsa ndi imodzi. Ziyankhulo ziwirizi zinatunga mawu ambiri a zaudotolo m'chitsime chimodzi, ndicho Chilatini ndi Chigiriki, kotero kuti mawu awo amafanana pamaso. Komabe sizinagawe ziwalo za thupi ndi zochita zake m'njira imodzi. Womasulira amene atsata maonekedwe a liwu asanazindikire chinthu chimene dotolo anaona m'kamwa mwa mwana angathe kulemba Chingerezi chomveka bwino chimene chikunena zina.

2.0 Maziko a Kafukufukuyu

Vuto la mawu ofanana maonekedwe koma osiyana matanthauzo linadziwika kale. M'chaka cha 1928 Maxime Koessler ndi Jules Derocquigny analipatsa dzina la Chifalansa loti “faux amis”, kutanthauza abwenzi onyenga. Patapita zaka 30, mu 1958, Jean-Paul Vinay ndi Jean Darbelnet anafotokoza njira zimene womasulira amatsata, ndipo mwa izo muli kubwereka liwu, kukopera mamangidwe ake chiwalo ndi chiwalo, ndi kufuna mawu ena amene eni chiyankhulo amanena pa chochitika chomwecho. Eugene Nida, m'buku lake la mu 1964, anasiyanitsa kumasulira kosunga maonekedwe a mawu ndi kumasulira kofuna kuti wowerenga wachiwiri amve zimene woyamba anamva.

Pa mawu a ukatswiri pali lamulo linanso limene Eugen Wüster wa ku Austria analimbikira, lakuti ntchito iyambire pa ganizo, ndipo dzina lidze pambuyo. Tikatsata lamuloli, womasulira ayenera kudzifunsa mafunso atatu motsatana. Kodi dotolo wolembayo anaona chiyani? Kodi madotolo olankhula Chingerezi amachitcha chiyani chinthu chimenecho? Nanga amene adzawerenge ndi katswiri mnzake kapena kholo la mwana? Mafunso amenewa ndiwo atitsogolere m'zigawo zotsatirazi.

3.0 Dzina la Gulu Lonse

Msampha woyamba uli pa mutu weniweniwo. Olemba Chisipanishi amati “hábitos orales” kapena “hábitos bucales”, ndipo kwa iwo mawu awiriwa ndi amodzimodzi. Mfotokozi “bucal” amanena za m'kamwa monse, monga momwe dzina “boca” limatanthauzira pakamwa. Tsinde lake ndi liwu la Chilatini “bucca”, limene poyamba linkatanthauza tsaya. Chisipanishi chinalikulitsa tanthauzo kuti likhale pakamwa ponse, pamene Chingerezi cha madotolo a mano chinasunga tanthauzo lakale lija. Dotolo wa ku Manchester akawerenga “buccal” amaganiza za tsaya, kapena za mbali ya dzino yoyang'ana kutsaya. Motero amene alemba “buccal habits” wachepetsa gulu lonse kukhala chizolowezi chimodzi, chifukwa wowerenga adzayesa kuti nkhani ndi ya kuluma masaya. Mawu oyenera ndi “oral habits”. Pobwerera ku Chisipanishi vuto limatembenuka: chimene Chingerezi chimati “buccal” olemba Chisipanishi amachitcha “vestibular” akamanena za dzino, kapena “yugal” akamanena za mnofu wa m'kati mwa tsaya.

Afotokozi amene amatsagana ndi dzinali nawonso ali ndi zovuta zawo. Ku Cuba mawu ozolowereka ndi “hábitos bucales deformantes”. Kwina timapeza “perniciosos”, “nocivos”, “parafuncionales”, ngakhalenso “viciosos”. Liwu lomalizali likamasuliridwa kuti “vicious” limasanduka la nkhanza, pakuti m'Chingerezi cha lero limanenedwa za galu wolusa kapena munthu wachiwembu. Nalonso “deforming” limamveka lolemera koposa, ngati kuti mwanayo wapunduka. Olemba Chingerezi amakonda “harmful” kapena “deleterious”, ndipo kawirikawiri amangoti “oral habits” osaonjeza kanthu, pakuti m'nkhani ya zachipatala nchodziwikiratu kuti zizolowezi zonenedwazo ndi zimene zingawononge. Liwu lokhalo limene limawoloka bwino ndi “parafuncional”, pakuti “parafunctional” liliko ndi tanthauzo lomwelo, la kugwiritsa ntchito chiwalo pa chinthu chimene si ntchito yake yeniyeni, monga kutafuna kapena kulankhula.

4.0 Kuyamwa Chala ndi Kamphira Kotontholetsa Mwana

Kuyamwa chala m'Chisipanishi cha madotolo ndi “succión digital”. Kukopera mawuwa chiwalo ndi chiwalo kumabala “digital suction”, mawu amene kwa wowerenga Chingerezi amamveka ngati dzina la makina okoka madzi oyendetsedwa ndi kompyuta. Zolakwa zilimo ziwiri. Choyamba, “suction” m'chipinda cha dotolo wa mano ndi chipangizo chokokera malovu. Zimene mwana amachita ndi pakamwa ndi “sucking”. Chachiwiri, ngakhale “digital” limachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza chala, tanthauzo limenelo linaphimbika ndi la zamakompyuta.

Atapewa zimenezi, womasulira amakumana ndi funso lina. Liwu la Chisipanishi “dedo”, monganso liwu lathu loti chala, limaphatikiza zala zonse, chachikulu ndi zinzake, za kumanja ndi za kumapazi. Chingerezi chimagawa: “thumb” ndi chala chachikulu cha kumanja, “finger” ndi zinzakezo, “toe” ndi za kumapazi. Omasulira ambiri amathamangira “thumb sucking” chifukwa ndiwo mawu odziwika, koma potero amaonjeza mfundo imene wolemba sananene. Kusiyanaku kuli ndi ntchito kwa dotolo, pakuti malo amene mano amasunthira amadalira chala chimene mwana amayamwa ndi momwe amachigonekera m'kamwa. Ngati wolemba wati “succión del pulgar”, pamenepo “thumb sucking” ndiwo mawu ake. Ngati wangoti “succión digital”, mawu otetezeka pakati pa akatswiri ndi “digit sucking”, ndipo kwa makolo “thumb or finger sucking”.

Kamphira kamene mwana amayamwa popanda mkaka kuti atonthole kali ndi mayina ambiri mbali zonse ziwiri. Ku Spain, Argentina ndi Chile amati “chupete”. Ku Mexico ndi Peru “chupón”. Ku Cuba “tete”. Ku Colombia “chupo”. Ku Puerto Rico ndi Dominican Republic “bobo”. Kumbali ya Chingerezi, ku America amati “pacifier”, ku Britain ndi Australia “dummy”, ku Canada ndi Ireland kawirikawiri “soother”. Apa womasulira ayenera kudziwa dziko la wolemba ndi dziko la wowerenga. M'mayiko ena “chupón” limatanthauzanso kamphira ka pakamwa pa botolo la mkaka, ndipo kusokoneza ziwirizi kumaphwanya malire amene akatswiri amawasunga kwambiri, a pakati pa “succión nutritiva”, kuyamwa kopeza chakudya, ndi “succión no nutritiva”, kuyamwa kongodzitonthoza. Mawu awiri omalizawa ali ndi anzawo okhazikika, “nutritive sucking” ndi “non-nutritive sucking”.

5.0 Lilime ndi Kumeza

Chigawo chino ndicho chovuta koposa, chifukwa pano ziyankhulo ziwirizi zikusiyana pa kagawidwe ka maganizo enieniwo. M'zolembedwa za Chisipanishi timapeza mawu osachepera anayi. “Deglución atípica” ndi kumeza kumene lilime limapita kutsogolo kapena m'mbali, nthawi zambiri milomo ndi chibwano zikulimbika mopitirira. “Empuje lingual” ndi kukankha kwenikweniko kwa lilime pa mano. Ku Cuba ambiri amati “protracción lingual”. “Interposición lingual” ndi kupezeka kwa lilime pakati pa mano a pamwamba ndi a pansi, kumene kungachitike pomeza, polankhula, kapena munthu ali chete. Akatswiri a kalankhulidwe ambiri amaonjezanso “deglución adaptada”, ndiko kumeza kumene lilime latsata mpata umene unalipo kale, monga mwa mwana amene mano ake akutsogolo sakumana chifukwa cha kuyamwa chala.

Chingerezi cha tsiku ndi tsiku cha madotolo chili ndi mawu amodzi otchuka, “tongue thrust”, ndipo chiyeso cha womasulira ndicho kuthira zinayi zonsezi m'mphika umodziwu. Kuti tione chimene chimatayika tiyenera kudziwa pang'ono za kasunthidwe ka mano. William Proffit, katswiri wowongola mano wa ku America amene buku lake la “Contemporary Orthodontics” linatuluka koyamba mu 1986, anaphunzitsa kuti chimene chimasuntha dzino ndi kutalika kwa nthawi imene likukankhidwa, koposa kukula kwa mphamvu yake. Malinga ndi kuwerengera kwake, munthu amameza kosapitirira ka 1,000 patsiku, ndipo kumeza kulikonse kumatenga pafupifupi sekondi imodzi, kotero kuti nthawi yonseyo ikaphatikizidwa ndi mphindi zowerengeka chabe. Kuti dzino lisunthe pamafunika kukankha kwa maola pafupifupi 6 patsiku. Ndiye kuti lilime logona pakati pa mano kwa maola ambiri, ngakhale mopepuka, lingasinthe kaimidwe ka mano, pamene kukankha kwa pomeza pakokha sikukwanira.

Tsono dotolo wa ku Lima akalemba “interposición lingual en reposo” akunena za malo amene lilime limagona munthu akakhala chete, ndipo ndicho chinthu chimene katswiri wowongola mano afuna kudziwa. Womasulira akachilemba “tongue thrust” wasandutsa kagonedwe kukhala kukankha, ndipo wowerenga wophunzira maganizo a Proffit angachiyese chopanda ntchito. Mawu oyenera ndi onga “interdental resting tongue posture” kapena “forward resting tongue posture”. Pa “deglución atípica” tingalembe “atypical swallowing”, mawu amene olemba a ku Ulaya ndi ku South America amagwiritsa ntchito akamalemba m'Chingerezi, kapena “tongue-thrust swallow” amene amadziwika kwambiri ku America. Nawo mawu oti “infantile swallow” ayenera kusamalidwa. Kumeza kotere nkwachibadwa mwa khanda lopanda mano, ndipo kumasintha pang'onopang'ono mano akamera. Kumakhala nkhani ya dotolo pokhapokha kukapitirira, ndipo pamenepo Chingerezi chimaonjeza liwu loti “retained” kapena “persistent”.

6.0 Kupumira Pakamwa

“Respiración bucal” kapena “respiración oral” m'Chingerezi ndi “mouth breathing”. Apa tikuona khalidwe limene limapezeka m'nkhani yonseyi: pamene Chisipanishi chaika dzina ndi mfotokozi ochokera ku Chilatini, Chingerezi chimaika mawu ake akale a pakhomo. Kulemba “buccal respiration” ndiko kubwereza cholakwa cha m'chigawo 3.0, ndipo “oral respiration”, ngakhale kuti angamveke, si mawu amene wofufuza angayambe nawo kufuna nkhani m'nkhokwe za mabuku.

Vuto lalikulu lili pa dzina la munthuyo. Madotolo olankhula Chisipanishi amati “respirador bucal”, ndipo palibe amene amakhumudwa nalo. Pali ngakhale “síndrome del respirador bucal”. Makina omasulira ndi omasulira osazolowera amatulutsa “respirator”, liwu limene m'Chingerezi ndi chipangizo chothandiza kupuma kapena chotchinga kumaso. Mawu olondola pakati pa akatswiri ndi “mouth breather”, koma m'Chingerezi cha m'misewu, makamaka ku America, mawu omwewa ndi chitonzo chonenera munthu wopusa. M'magazini ya akatswiri angathe kukhala. M'kalata yopita kwa makolo nkwabwino kulemba chiganizo chathunthu chonena kuti mwanayo amapumira pakamwa, monga “your child breathes through the mouth”. Ichi ndi chitsanzo cha funso lachitatu la m'chigawo 2.0: liwu lingakhale lolondola m'tanthauzo koma lolakwika kwa amene akulilandira.

Tiyeneranso kukumbukira kuti kupumira pakamwa si chizolowezi nthawi zonse. Mwana angatero chifukwa mphuno kapena kukhosi kwatsekeka ndi zotupa kapena chimfine chosatha. Olemba Chisipanishi amasiyanitsa “por obstrucción” ndi “por hábito”, ndipo womasulira asasiye mawu amenewa poyesa kufupikitsa, pakuti mwana woyambayo afunika dotolo wa mphuno ndi kukhosi asanayambe kuphunzitsidwa kutseka pakamwa.

7.0 Kuluma ndi Kukukuta Mano

Kuluma zikhadabo m'Chisipanishi cha kuchipatala ndi “onicofagia”, ndipo kuluma milomo ndi “queilofagia”. Mawu onsewa ndi ochokera ku Chigiriki, ndipo Chingerezi chili nawo anzawo, “onychophagia” ndi “cheilophagia”. Kusiyana kuli pa kuchuluka kwa kagwiritsidwe ntchito. Kwa dotolo wa mano wa ku Bogotá “onicofagia” ndi liwu la tsiku lililonse, pamene mnzake wa ku Leeds amalemba “nail biting” ndi “lip biting” ngakhale m'nkhani yofufuza. Kusunga Chigiriki sikulakwa m'tanthauzo, koma kumakweza msinkhu wa chiyankhulo kuposa mmene wolemba anafunira. Kuyamwa mlomo, “succión labial”, ndi “lip sucking”. Ndipo pamene mlomo wa pansi wakodwa kuseri kwa mano a pamwamba otuluka, chimene olemba ena amachitcha “interposición labial”, Chingerezi chili ndi mawu achidule oti “lip trap”.

Kukukuta mano ndi “bruxismo”, m'Chingerezi “bruxism”. Mbiri ya liwuli imayambira ku France, kumene Marie ndi Pietkiewicz analemba za “bruxomanie” mu 1907. Mu 1931 Frohman anagwiritsa ntchito “bruxism” m'Chingerezi. Tsinde lake ndi mneni wa Chigiriki wotanthauza kukukuta, wa banja limodzi ndi liwu la m'Chipangano Chatsopano limene omasulira Baibulo m'chiyankhulo chathu analimasulira ndi mneni yemweyu, kukukuta. Pa liwu lokhalo palibe vuto. Vuto lili pa magawo ake. Mabuku ambiri a Chisipanishi amagawa “bruxismo céntrico”, ndiko kulumanitsa mano mwamphamvu osawasuntha, ndi “bruxismo excéntrico”, ndiko kuwakhuzanitsa uku ndi uku. Mawu oti “centric” ndi “eccentric” analiponso m'Chingerezi cha akatswiri, koma olemba ambiri masiku ano amati “clenching” pa choyamba ndi “grinding” pa chachiwiri, mawu amene amalingana ndi “apretamiento” ndi “rechinamiento”. Wowerenga wamba akaona “eccentric bruxism” angaganize za khalidwe lachilendo la munthuyo.

Kagawidwe kena ndi ka nthawi. Kale ankanena za “bruxismo diurno” ndi “bruxismo nocturno”, kwa masana ndi kwa usiku. Gulu la akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana lotsogoleredwa ndi Frank Lobbezoo linafalitsa mgwirizano mu 2013, naukonzanso mu 2018, wogawa kukukuta kwa m'tulo ndi kwa munthu ali maso, “sleep bruxism” ndi “awake bruxism”. M'Chisipanishi “bruxismo del sueño” ndi “bruxismo de vigilia”. Chifukwa chake nchomveka: mlonda wogwira ntchito usiku amagona masana, ndipo kukukuta kwake ndi kwa m'tulo ngakhale dzuwa lili pamutu. Mgwirizano wa mu 2018 unanenanso kuti mwa munthu wopanda matenda ena, kukukuta mano kuonedwe ngati khalidwe la minofu limene lingabweretse vuto, osati ngati matenda pakokha. Womasulira nkhani ya mu 1985 asunge mawu a nthawi imeneyo, pakuti kuwasintha ndiko kuika maganizo atsopano m'kamwa mwa wolemba wakale. Womasulira nkhani yatsopano imene ikali ndi mawu akale achita bwino kufunsa wolembayo chimene anatanthauza.

8.0 Mawu Onena za Zotsatira pa Mano

Nkhani ya zizolowezi siitha popanda kutchula zimene zimachitikira mano. Mawu ena amawoloka mosavuta: “mordida abierta anterior” ndi “anterior open bite”, pamene mano akutsogolo sakumana munthu akatseka nsagwada, “mordida cruzada posterior” ndi “posterior crossbite”, “paladar ojival”, denga la m'kamwa lakuya ndi lopapatiza, ndi “high-arched palate”, ndipo “rejilla lingual”, kawaya kotchinga lilime kapena chala, ndi “tongue crib” kapena “palatal crib”.

Msampha uli pa “sobremordida”. Madotolo amayesa zinthu ziwiri pa mano akutsogolo. Choyamba ndi mtunda umene mano a pamwamba atulukira kutsogolo kwa a pansi, umene mwachibadwa umakhala mamilimita 2 kapena 3. Chingerezi chimati “overjet”. Chachiwiri ndi mmene mano a pamwamba aphimbira a pansi kuchokera pamwamba kupita pansi. Ichi ndicho “overbite”. M'Chisipanishi, makamaka ku Mexico, zonse ziwiri zingatchedwe “sobremordida”, choyamba “horizontal”, chachiwiri “vertical”. Kwina choyamba ndi “resalte”, ndipo ku Cuba chachiwiri ndi “sobrepase”. Popeza “sobre” ndi “over” ndipo “mordida” ndi “bite”, dzanja la womasulira limalemba “overbite” lisanaone mfotokozi wotsatira. Koma kuyamwa chala kumakulitsa “overjet” ndi kuchepetsa “overbite”. Womasulira wolakwitsa apa wanena zotsutsana ndi zimene dotolo anapeza.

Nazonso nambala ziyenera kumasuliridwa. Mayiko ambiri olankhula Chisipanishi amatsata ndondomeko ya manambala awiri ya bungwe la FDI, imene inakhazikitsidwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ndipo inalembedwa monga ISO 3950. M'ndondomeko imeneyi 11 ndi 21 ndi mano awiri a pakati akutsogolo, a pamwamba, amene ndiwo amasunthidwa kwambiri ndi chala. Ku United States, kumene amawerenga mano kuyambira 1 mpaka 32, mano omwewa ndi 8 ndi 9, ndipo 11 ndi dzino losongoka la pamwamba kumanzere. Mano oyamba a mwana amene FDI imawatcha 51 ndi 61, ku America ndi E ndi F. Ku Britain madotolo ambiri amagwiritsanso ntchito ndondomeko ya Palmer. Njira yotetezeka ndiyo kutchula dzinolo ndi dzina lake lonse, kapena kunena ndondomeko imene yatsatidwa.

9.0 Chitsanzo Chimodzi

Pofuna kuonetsa mmene zolakwazi zimaunjikirana, tapanga tokha chiganizo chonga zimene zimapezeka m'makalata a kuchipatala:

“Paciente de 8 años, respirador bucal, con hábito de succión digital e interposición lingual en reposo, presenta mordida abierta anterior y sobremordida horizontal aumentada en 11 y 21.”

Wotsata maonekedwe a mawu angalembe motere:

“8-year-old patient, buccal respirator, with habit of digital suction and tongue thrust, presents anterior open bite and increased overbite in teeth 11 and 21.”

M'chiganizo chachifupichi muli zolakwa zisanu: mwana wasanduka makina, chala chasanduka chipangizo, kagonedwe ka lilime kasanduka kukankha, muyeso wina walowa m'malo mwa unzake, ndipo kwa wowerenga wa ku America nambala zikuloza mano ena. Cholakwa chachinayi chikanagwidwa ndi aliyense wodziwa maganizo a kuseri kwa mawu, pakuti mano omwewo sangakhale osakumana ndiponso ophimbana mopitirira panthawi imodzi. Kumasulira kosunga zimene dotolo anaona kungakhale kotere:

“Eight-year-old patient who breathes through the mouth, has a digit-sucking habit and rests the tongue between the teeth. Anterior open bite, with increased overjet of the upper central incisors.”

10.0 Zothandiza Womasulira

Mtanthauziramawu wamba wa ziyankhulo ziwiri sathandiza kwenikweni pa mawu otere. Chothandiza choyamba ndi mndandanda wa mitu ya zaumoyo wotchedwa DeCS, umene bungwe la BIREME la ku São Paulo linayambitsa mu 1986 potsata MeSH, mndandanda wa National Library of Medicine ya ku America umene unayamba mu 1960. M'menemo “Respiración por la Boca” walumikizidwa ndi “Mouth Breathing”, “Succión del Dedo” ndi “Fingersucking”, ndipo “Hábitos Linguales” ndi “Tongue Habits”. Komabe iyi ndi mitu yosanjira mabuku, ndipo mutu umodzi umasonkhanitsa zinthu zingapo. Mutu wa lilime sutiuza kanthu pa kusiyana kumene taona m'chigawo 5.0. Chachiwiri ndi mtanthauziramawu wa Fernando A. Navarro wa mu 2000, “Diccionario crítico de dudas inglés-español de medicina”, amene ngakhale anakonzedwera omasulira kuchokera m'Chingerezi, amaonetsa malo ambiri amene ziyankhulo ziwirizi zimapatukana. Chachitatu, ndipo chopambana, ndicho kuwerenga nkhani za mutu womwewo zolembedwa ndi eni Chingerezi, ndi kufunsa dotolo wa mano pamene ganizo silinamveke.

11.0 Mawu Otsiriza

Taona kuti zolakwa za m'gawo ili la kumasulira zili zamitundu inayi: mawu ofanana maonekedwe koma osiyana tanthauzo, monga “bucal”; maganizo ogawidwa mosiyana, monga a chala ndi a lilime; kusiyana kwa msinkhu wa chiyankhulo, monga “onicofagia”; ndi kusiyana kwa mayiko m'kati mwa chiyankhulo chimodzi, monga mayina a kamphira kotontholetsa mwana ndi nambala za mano. Mwa mitundu inayiyi, wachiwiri ndiwo woopsa, chifukwa Chingerezi chotulukapo chimamveka bwino ndipo wowerenga sakayika.

Kwa ife aphunzitsi ndi ofufuza ziyankhulo za kuno muli phunziro lapafupi. Timapepala tambiri ta zaumoyo timene timamasuliridwa m'Chinyanja timachokera m'Chingerezi, ndipo cholakwa chimene chalowa m'Chingerezicho chidzafika kwa mayi wa ku Chipata kapena ku Katete osazindikirika. Ndiponso chiyankhulo chathu chili ndi magawidwe akeake. Liwu loti chala limayenda ngati “dedo”, kotero kuti womasulira “thumb sucking” ayenera kusankha ngati aonjeze mfotokozi woti chachikulu. Mneni kukukuta amabweretsa m'maganizo phokoso la mano okhuzana, monga la munthu wodya chimanga chokazinga kapena wogwidwa ndi tsemwe, ndipo sakwanira kunenera kulumanitsa mano mwakachetechete. Womasulira “bruxism” afunika aneni onse awiri. Ophunzira athu akazolowera kufunsa chimene dotolo anaona asanafune liwu, adzapeza kuti aneni a pakhomo monga kuyamwa, kumeza, kuluma ndi kupuma ali ndi mphamvu yokwanira kunyamula maganizo amenewa, malinga ngati malire a ganizo lililonse alembedwa momveka.